Pepani sikuti walakwa ndiwe

Tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, mayi wina potsika pa Ginnery Corner anaphonya phazi nkugwada pansi, tomato yense mbwee pamsewu. Minibasi yonse, mpaka kondakitala amene timakangana naye za chenji uja, inangoti pepani mayi, pepani. Palibe anawakankha. Ine poti ntchito yanga ndi yophunzitsa Chichewa zoterezi ndimazitola, chifukwa ana asukulu ukawafunsa kuti pepani ndi chani ambiri amangoti ndi mawu ovomera kulakwa, pomwe limenelo ndi theka chabe.

Mwana akagwa timati pepa, wamkulu timati pepani, ndipo tikutanthauza kuti zakuchitikirazi ifenso zatikhudza. Kuti udziwe ngati munthu akuvomera mlandu kapena akungomva nawe chisoni umamvera zotsatira zake: pepani ndakupondani ndi ina, pepani ndi zovutazi ndi inanso. Mawu amene ali a wolakwa yekha ndi ndikhululukireni. Amenewa musayerekeze kuwanena pamaliro, anthu adzayamba kuyang'anana kuti kodi akuluwa akudziwapo chani pa imfayi.

Pa pepani pomwepo ndi pamene pachokera kupepesa ndi chipepeso. Kupepesa maliro ndi kukaonekera kwa anamfedwa, chipepeso ndi kamene wanyamula m'manja, kaya ndi ndalama, ufa, nkhuni, shuga. Amene munakhalapo pamaliro ku Ndirande kapena ku Bangwe mukudziwa kope lija lolembamo mayina, kenako wina amaimirira nkumawerenga kuti a mpingo apepesa ndi zakuti, anzawo akuntchito zakuti. Masiku ano zambiri zikudutsira pa Airtel Money ndi Mpamba, mayina nkumatuluka pa gulupu ya WhatsApp, koma dzina silinasinthe, ndi chipepeso basi. Mbale wake ndi chipukuta misozi, amene mumamumva kwambiri ku khothi kapena munthu akavulala pantchito, ndalama yoti siibweza chimene chatayika koma ingokupukutako m'maso. Owulutsa mpira anawabwereka mawuwa, timu ikamenyedwa zitatu pa Kamuzu Stadium nkupeza chimodzi kumapeto amati chigoli chopukutira misozi, ndipo amene amasapota timu yoluzayo akudziwa kuti misozi yake siuma ayi.

Koma mawu amene ndimafuna tikhalepo pang'ono ndi kutonthoza. Muzu wake ndi kutonthola, kusiya kulira. Mwana amatonthola yekha, mayi ake amamutonthoza, chimodzimodzi kulira ndi kuliza, kukwera ndi kukweza, kubwera ndi kubweza, z ameneyo ndi amene akusonyeza kuti pali wina akuchititsa. Ndiye chitonthozo ukachisenda bwinobwino ndi chinthu chomuchititsa munthu kuti atonthole. Tsono taonani mmene mayi amatonthozera khanda. Salikalipira kuti khala chete, amalibereka kumbuyo, kuligwedeza, kuliyimbira mpaka litatonthola pa nthawi yake. Akuluakulufe tikafika kusiwa timaiwala zimenezi, timafuna namfedwa atonthole pompopompo ndi mawu athu.

Ndikunena izi ndinapsa nazo ndekha. Mnzanga wina mwana wake atamwalira ndinafika madzulo, azimayi ali m'nyumba azibambo tili panja pamoto monga mwa nthawi zonse, ine nkumugwira paphewa nkuyamba: limbani mtima achimwene, ndi chifuniro cha Mulungu, mukadali achinyamata mudzakhala ndi wina. Anangoti zikomo akuyang'ana pansi. Patapita miyezi anandiuza mosabisa kuti mawu akuti mudzakhala ndi wina aja anamulasa kuposa china chilichonse usiku umenewo, ngati mwanayo anali mbale yoti yasweka mukagula ina ku Limbe. Amene amamukumbukira bwino ndi bambo wina wachikulire woyandikana naye nyumba, anangoti pepani bambo, nkukhala pambali pake mpaka mbandakucha, ntchito kusonkhezera moto.

Limbani mtima si mawu oipa ayi, vuto ndi nthawi yake. Amagwira bwino ntchito maliro atayikidwa, anthu atabalalika, munthu akuyenera kuyambanso kupita kumsika ndi kusaka fizi ya ana otsala. Pamenepo ndiye kulimbikitsa, kumupatsa munthu mphamvu zoti ayende. Tsiku loyamba sakufuna kuyenda kulikonse. Zagwa zatha ndiye ayi ndithu, amenewo asungireni munthu amene waberedwa foni. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche matope nkukwirira nyumba ku Chilobwe, panali anthu amene anataya abale angapo usiku umodzi, mukanawauza kuti zatha mukanatanthauza chani?

Kutchalitchi kulinso kanthu kosangalatsa. Mu Buku Lopatulika, Baibulo lija linatuluka mu 1922, pamene Yesu akulonjeza Mzimu Woyera pa Yohane 14, mawu amene anasankha ndi Nkhoswe. Nkhoswe tonse timaidziwa, ndi amalume aja amene banja likagwedezeka amabwera kudzakhala pakati, kukuyankhulira, kuima nawe pamlandu. Ine ndimaona kuti mawuwa akusonyeza kuti kwa ife wotonthoza ndi munthu amene wabwera nkukhala mbali yako. Mwina nchifukwa chake kukhuza maliro kulibe mawu oloweza, umangofika, kukhala pansi, kwaya ikuyimba iwe nkumathandizira, ndiye akulu akamati maliro nkulirana amanena zenizeni, lero wagona panja kwa anzako mawa adzagona kwanu.

Nanga wouzidwa pepani ayankhe bwanji? Wapondedwa mu minibasi akhoza kunena kuti palibe kanthu. Namfedwa sanganene choncho poti kanthu kalipo, amangoti zikomo, ena amangogwedeza mutu, ndipo musadikire kuti awonjezere. Mayi a tomato aja anayankha kuti zikomo ana anga, anyamata awiri akuwatolera amene sanaphwanyike, kondakitala ali kale pakhomo kukuwa kuti Blantyre, Blantyre.