Kishke, thumbo limene limadziwa

Ife tikamati "mtima ukundiuza," Myuda wolankhula Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, amaloza m'munsi pang'ono, pamimba. Mawu ake ndi kishke, kutanthauza thumbo, akachuluka n'kukhala kishkes. Chimene wachimva m'ma kishkes mwake ndi chinthu chimene akuchidziwa ndithu ngakhale alibe umboni woonetsa munthu.

Mawuwa si achiheberi ayi. Ayuda a ku Poland, Ukraine ndi Russia anawatola kwa anansi awo, poti Apolishi amati kiszka ndipo Arasha amati kishka. Kungoti kiszka wa Apolishi nthawi zambiri amakhala soseji ya magazi ndi nkhumba, zinthu zimene Myuda sangayerekeze kuika pakamwa. Amayi achiyuda anapeza njira yawo. Ankatsuka thumbo la ng'ombe, n'kupakiramo ufa, anyezi ndi mafuta a nkhuku kapena a tsekwe otchedwa schmaltz, kenako n'kumanga kunsonga, ndipo chakudyachi ankachitchulanso kuti kishke. Mnofu munalibemo. Chinali chakudya cha anthu osowa, ngati mmene ena amapeputsira nthumbwana pomwe akunyambita zala.

Lachisanu dzuwa lisanalowe, kishke ankamuponya mumphika wa cholent, chakudya cha pa Sabata chophikidwa pang'onopang'ono, pamodzi ndi nyemba, balere ndi mbatatesi. Popeza pa Sabata sasonkha moto, mabanja ambiri ankakasiya mphikawo mu uvuni wa wophika buledi wa m'mudzimo, n'kukautenga Loweruka masana thumbo lija litamwa msuzi usiku wonse.

Pali mawu ena amene ine amandikhudza koposa: kishke-gelt, "ndalama za m'matumbo." Izi ndi ndalama zimene munthu wasunga podzimana chakudya. Amene anagonapo ndi njala kuti mwana alipire fizi safunika kumumasulira.

Pakati pa 1881 ndi 1924, Ayuda pafupifupi 2 miliyoni anachoka kum'mawa kwa Ulaya kupita ku America, ambiri n'kukhazikika ku New York, ndipo mawuwa analowa m'Chingerezi cha kumeneko. Anafika mpaka m'ndale. Ayuda ena a ku America amafunsa ngati mtsogoleri amaimva nkhani ya Israel m'ma kishkes mwake kapena amangoilankhula pamsonkhano, ndipo Barack Obama anayezedwa kwambiri ndi muyeso umenewu.

Chakudyacho chikadalipo, koma kishke wambiri wogulitsidwa masiku ano amamukulunga m'chikutiro chopangidwa kufakitale. Thumbo lenileni anasiya kuikamo.