Chindapusa cha pa polisi ku Joni: mumalipira Lachisanu, chimakutsatani zaka 10

Bambo ena a ku Mangochi anafika mu ofesi mwanga muno mu Johannesburg atagwira envelopu ya khaki ngati muli uthenga wa maliro. Anakwatira mayi wa konkuno, ali ndi ana awiri, ndipo ankakonza mapepala oti akhazikike mwalamulo. Ku Home Affairs, unduna woona za mapepala a nzika ndi a anthu obwera, anawauza kuti abweretse police clearance, kalata ya apolisi yonena ngati munthu ali ndi mlandu m'kaundula kapena ayi. Kalatayo inachokera ku Pretoria ili ndi mzere umodzi wokha: kuba, 2017, chindapusa R500.

"A loya, ine khoti sindilidziwa. Chibadwire sindinaimepo pamaso pa majisitireti."

Ankanena zoona. Linali Lachisanu madzulo, mlonda wa m'sitolo ina anawagwira pakhomo ati sanalipire mabatire a tochi. Kupolisi anawadinda zala, kenako wapolisi anawayalira njira ziwiri: mulipire R500 muzipita, apo ayi mugona m'chitokosi mpaka Lolemba. Loweruka anali ndi ganyu. Anaimbira mlamu wawo, ndalama inabwera, anasaina kapepala, n'kukagona kwawo akuthokoza Mulungu kuti zatha.

Kapepala kaja dzina lake ndi J534, ndipo ndalama ija amaitcha admission of guilt fine, kutanthauza chindapusa cha munthu wovomera mlandu. Gawo 57 la Criminal Procedure Act ya 1977, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, limati mukalipira, kalaliki wa khoti n'kulemba m'buku la milandu, lamulo limakutengani ngati munthu amene khoti lamupeza wolakwa n'kumupatsa chilango. Woweruza simumuona, koma chigamulo chilipo. Ngati anakudindani zala, nkhaniyo imakafika ku Criminal Record Centre, likulu la apolisi losunga mbiri ya milandu ku Pretoria, n'kukhala phee kudikira tsiku limene mudzafune ntchito ya udalaivala, pemiti, kapena visa. Akuluakulu anati mlandu suwola. Mu kompyuta ndiye suchita ndi nkhungu yomwe.

Ndipo umamatirira pa zala, osati pa dzina. Alipo abale athu amene akagwidwa amatchula dzina la msuweni, ena amabwerera kumudzi n'kukapangitsa pasipoti ina. Zala ndi zomwezija. Chimene mwaonjezera ndi funso latsopano loti mufotokoze chifukwa chake muli ndi mayina awiri.

Njira yofufutira mlandu ilipo. Inalowa m'lamulo lija la Criminal Procedure Act mu 2009, pa gawo 271B, ndipo pa Chingerezi amati expungement. Choyamba n'chakuti papite zaka 10 kuchokera tsiku limene munapezeka wolakwa, osati limene munamangidwa, ndipo m'zaka zimenezo musakhale kuti munalamulidwanso kukakhala kundende popanda mwayi wolipira chindapusa. Chachiwiri, chimene anthu ambiri amadabwa nacho, n'chakuti lamuloli siliyang'ana kwenikweni chimene munapalamula. Limayang'ana chilango chimene munalandira.

Ngati munalipitsidwa chindapusa chosapitirira R20,000, mlandu umafufutika. Ngati woweruza anati mulipire ndalama yosapitirira imeneyo kapena mukakhale kundende, umafufutika, ngakhale kuti ndalama inakusowani n'kukalowadi m'ndendemo, chifukwa chowerengedwa ndi mawu a chigamulo. N'chimodzimodzi ngati anangokudzudzulani n'kukumasulani, kapena anatchula miyezi ya ndende koma n'kuiimika yonse kuti mupite kwanu bola musapalamulenso, kapena anakupatsani chilango chogwirira kunyumba akukuyang'anirani a zandende. Koma akangoti miyezi itatu kundende, osatchula chindapusa, khomo limeneli latsekeka. Kaya ndi mwezi umodzi, kaya papita zaka 30. Lotsekekanso ndi la munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa opalamula milandu yogwiririra kapena m'kaundula woteteza ana, kufikira dzinalo litachotsedwamo.

Apa ndi pamene lamuloli limatipweteka ife obwera. Gawo 49 la Immigration Act ya 2002 limati kulowa kapena kukhala m'dziko muno popanda mapepala ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende. Kawirikawiri makhoti a majisitireti amapereka ndende ya masiku kapena miyezi yochepa popanda chindapusa, poganiza kuti munthuyo akangomaliza apita ku Lindela ku Krugersdorp kukadikira basi yobwerera kwawo. Ndiye taonani zotsatira zake. Munthu amene anayendetsa galimoto ataledzera n'kulipira R15,000, pakatha zaka 10 dzina lake limayera. Mnyamata amene masiku a pa pasipoti anamuthera ali pa ntchito ya m'dimba, n'kupatsidwa masiku 30 opanda chindapusa, wake sufufutika. Ine sindiona chilungamo pamenepa, ndipo sindikhulupirira kuti amene ankalemba gawo 271B ankaganizako za mnyamata ameneyu. Koma ndi mmene lilili.

N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti nkhondo ya kufufuta mlandu imamenyedwa tsiku la chigamulo. Mukaima m'khoti ndipo mwaganiza zovomera, pemphani loya wa Legal Aid South Africa, amene ndi waulere kwa osauka ngakhale asakhale nzika, pemphaninso womasulira ngati Chingerezi chikukuvutani. Loyayo muuzeni kuti apemphe chilango chokhala ndi chindapusa kapena choimikidwa. Mawu awiri atatu amenewo m'chigamulo ndi amene adzanene ngati mudzakhala ndi njira kutsogolo. Ngati ndi koyamba kupalamula ndipo mlandu ndi waung'ono, woimira boma pa milandu akhoza kuvomera kuti mukachite maphunziro kapena ntchito yothandiza anthu, monga zimene limayendetsa bungwe la NICRO, mukamaliza mlandu n'kuchotsedwa osalembedwa m'kaundula. Izi sangakuuzeni pa kauntala ya polisi Lachisanu usiku.

Pali mphekesera imene imayenda m'mataxi ndi m'magulu a WhatsApp yoti zaka 10 zikakwana mlandu umagwa wokha. Gwero lake ndi gawo 271A, limene limati milandu ina ikatha zaka 10 woweruza asaiwerengerenso pokupatsani chilango pa mlandu watsopano. Zimenezo ndi za m'khoti basi. Pa police clearance umaonekabe mpaka inu mutapempha.

Kupemphako si kovuta monga amakuopsezerani. Mumayamba mwapita ku polisi iliyonse ndi pasipoti kapena chitupa, akudindeni zala, mulipire ndalama ya police clearance. Kalatayo iyenera kutuluka zaka 10 zija zitakwana kale. Yotengedwa mwezi umodzi zisanakwane amaibweza. Kenako mumadzaza fomu J744, imene imapezeka pa webusaiti ya dipatimenti ya zachilungamo, Department of Justice and Constitutional Development, n'kutumiza zonse kwa Director-General, mkulu wa dipatimentiyo, ku Pretoria. Iwo akakhutira amalemba satifiketi yolamula kufufuta n'kuitumiza okha ku Criminal Record Centre, ndipo apolisi akafufuta amakulemberani kalata. Zimatenga miyezi ingapo. Dipatimentiyo silipiritsa kanthu, ndipo lamulo silifuna kuti mudzere kwa loya. Ndikunena ine loya. Amene anabwerera kumudzi akhoza kudinditsa zala ku polisi ya kwathu n'kutumiza mapepala. Sikuti mpaka mukwere basi.

Pa Facebook mwadzaza anthu olonjeza kufufuta mlandu uliwonse m'masabata awiri mukawapatsa masauzande. Ena mwa iwo amangokudzazirani fomu yaulere ija, ndipo ngati mwasankha kulipira kuti wina akuyendereni, ndi ndalama zanu. Koma wolonjeza kuchotsa mlandu wa zaka zitatu, kapena wa ndende yopanda chindapusa, akunena chimodzi mwa ziwiri: akudyerani ndalama, kapena akukagula wapolisi, ndipo zikadzaululika dzina lidzakhale pa doketi ya ziphuphu ndi lanu.

Kumangidwa kokha si mlandu wolembedwa. Ngati boma linauchotsa mlandu kapena khoti linakupezani osalakwa, palibe chofufuta, ndipo lamulo limati zidindo za zala zanu ziwonongedwe. Vuto limakhala la ulesi wa m'maofesi: wofufuza mlandu sanatumize zotsatira ku Pretoria, kompyuta n'kumaonetsabe kuti mlandu uli mkati. Pamenepo fomu J744 ilibe ntchito. Pitani kwa kalaliki wa khoti limene munkaonekera, mutenge umboni wa mmene mlandu unathera, mukausiye ku polisi imene inakumangani kuti akonze. Nambala ya mlandu, ija amati CAS, isungeni ngati nambala ya foni ya amayi anu.

Magulu ena ali ndi njira zawo. Amene anapalamula ali ana amatsata gawo 87 la Child Justice Act ya 2008: zaka zisanu pa milandu yaing'ono, zaka 10 pa yokulirapo, pa fomu J763. Amene analipira chindapusa chovomera mlandu chifukwa chophwanya malamulo a Covid-19, nthawi ija kuyambira March 2020 anthu ankagwidwa ndi paketi ya ndudu kapena poyenda usiku, lamulo limene linasainidwa mu April 2024 linati milandu imeneyo ifufutidwe popanda munthu kupempha. Pa chamba, khoti lalikulu koposa m'dziko muno la Constitutional Court linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu kusuta kapena kusunga chake pamalo ake si mlandu, ndipo lamulo la chamba limene linasainidwa mu May 2024 lili ndi gawo lofufuta milandu yakale ya kusuta ndi kusunga, osati ya kugulitsa. Pa zonsezi musangokhulupirira kuti zachitika. Tengani police clearance muone ndi maso anu. Palinso gawo 271C, lofufuta milandu ya nthawi ya tsankho monga ya mapasi, imene agogo athu a pa Wenela ankaidziwa bwino.

Kwa amene khomo la 271B linatsekeka kwatsala kupempha chikhululuko kwa pulezidenti, pa gawo 84 la malamulo aakulu a dziko lino. Njirayo ilipodi, koma ndi yaitali ndipo opatsidwa ndi ochepa. Sindilola munthu kukonza tsogolo lake podalira imeneyo.

Tsono kufufuta kuli ndi malire ake, ndipo awa ndi amene anthu sakonda kumva. Kaundula wa apolisi ndi wina, wa Home Affairs ndi wina. Ngati munapitirira masiku a pa pasipoti n'kudindidwa pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo kuti musabwerenso, chaka chimodzi kwa wopitirira masiku osaposa 30 ndi zaka zisanu kwa woposa pamenepo, chiletso chimenecho chimachotsedwa ndi apilo ya ku Home Affairs, osati J744. Komanso dziko lina silimangidwa ndi lamulo la South Africa. Fomu ya visa ya ku America imafunsa ngati munamangidwapo kapena kupezekapo wolakwa, ngakhale munakhululukidwa. Amene akupita ku Britain pa ntchito yosamalira odwala amafunsidwa kalata ya apolisi ya dziko lililonse limene anakhalamo miyezi 12 kapena kuposa m'zaka 10 zapitazi, ndiye wa ku Lilongwe amene anakhalapo ku Cape Town adzafunika makalata awiri. Funso likakhala lakuti "munayamba mwapezekapo", werengani bwino musanachonge kuti ayi, chifukwa bodza la pa fomu ya visa limalemera kuposa mabatire a tochi.

Khoti la Constitutional Court linakhudzapo mfundo yofanana ndi imeneyi mu 2011, pa mlandu wa Robert McBride ndi nyuzipepala ya The Citizen. McBride anatchera bomba ku Durban mu 1986 limene linapha amayi atatu, ndipo pambuyo pake Truth and Reconciliation Commission, komiti yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho, inamukhululukira, mlandu n'kufufutidwa m'mabuku a boma. Nyuzipepala itamutcha wakupha anthu, iye anakasuma. Khoti linati chikhululukocho chinachotsa zotsatira za mlandu pamaso pa lamulo, koma sichinasandutse zochitikazo kukhala zosachitika, ndipo anthu akhoza kuzinenabe. Lamulo lake linali lina, koma phunziro lake limatikhudza: Pretoria ikafufuta, nkhani imene inalembedwa pa intaneti imakhalabe pomwepo.

Bambo a ku Mangochi aja anali ndi njira inanso imodzi. Makhoti akuluakulu, makamaka la Western Cape, akhala akuthetsa zigamulo za chindapusa cha pa polisi ngati munthu sanauzidwe kuti kulipira kumusiyira mlandu m'kaundula. Mumalemba chikalata cholumbira chofotokoza zimene zinachitika usiku umenewo, chifukwa chake mwachedwa kudandaula, ndi chimene mukanayankha mukanapita kukhoti. Mukapambana ndalama imabwezedwa, koma boma likhoza kuuyambanso mlanduwo. Ndinawafunsa ngati mabatire aja analipiradi.

Anayang'ana pansi kanthawi. "A loya, ndinaiwala kuti ali m'thumba la jekete."

Ndinawauza kuti kuiwala ndi yankho lomveka m'khoti, popeza kuba kumafuna cholinga, koma kuti pakhala ndalama za mlandu wa ku High Court, miyezi yodikira, ndi woweruza amene adzafunse chifukwa chake akudandaula patapita zaka zonsezi. Tinawerengera limodzi zonsezo pa kapepala, mbali ina mtengo wa mlandu, mbali ina miyezi yotsala kuti 2027 ikwane. Anati akakambirana kaye ndi mayi a kunyumba. Fomu J744 anaitenga ndithu, n'kuipinda bwinobwino m'envelopu muja.