Momwe chimbale cha jazz chodekha chimajambulidwira, ndi zomwe chimachita m'thupi

Chinthu choyamba chomwe oimba amagwirizana asanalowe mu situdiyo ndi liwiro la nyimbo. Nyimbo zambiri zotsitsimula zimagunda ka 60 mpaka 80 pa mphindi, pafupi ndi momwe mtima wa munthu wamkulu umagundira akapumula. Kuimba pang'onopang'ono ndi kovuta kuposa kuthamanga, chifukwa cholakwika chilichonse chimakhala poyera. Woimba ng'oma akachita mantha ndi bata amayamba kufulumira osadziwa, ndipo nyimbo yomwe inayamba pa 66 imakathera pa 74. Womvera sangathe kunena chomwe chasintha, koma thupi lake limamva ngati akukankhidwa.

Woimba ng'oma amasiya timitengo n'kugwira mabulashi a waya, omwe amasesa pachikopa ngati tsache. Besi imakhala ija yaikulu yamatabwa, yoimbidwa ndi zala. Piyano ichunidwe m'mawa wa tsiku lojambula, noti yotchedwa A ikhale pa 440 Hz (Hz ndi muyeso wa kuwonda kapena kukhuthala kwa mawu), chifukwa kutentha ndi chinyezi zimasuntha zingwe, ndipo kompyuta siingathe kukonza bwino piyano yosachunidwa.

Chipinda nacho ndi chida. Chimbale cha woimba lipenga wa jazz Miles Davis chotchedwa Kind of Blue chinajambulidwa m'masiku awiri okha, pa 2 Malichi ndi pa 22 Epulo 1959, mu situdiyo ya Columbia pa 30th Street ku New York, nyumba yomwe kale inali tchalitchi. Denga lake lalitali linkapatsa mawu malo opumira. Oimba onse anali m'chipinda chimodzi, akuonana ndi kumvana. Kajambulidwe kotere kali ndi vuto lake: ng'oma zimalowa mu maikolofoni ya besi, lipenga limalowa mu ya piyano, choncho mmodzi akalakwitsa gulu lonse limabwereza. Komabe ine ndimati ndi njira yabwino kwa nyimbo zodekha, chifukwa woimba akamamva mnzake pafupi amadzichepetsa yekha popanda womuuza.

Pomwe zimbale zambiri zimaonongekera ndi posakaniza mawu. Khutu la munthu limamva msanga mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, ndipo lipenga ndi sakisofoni zimabaya pomwepo. Mankhwala ake ndi kusunthira maikolofoni pambali pang'ono m'malo moilozetsa m'kamwa mwenimweni mwa lipenga, kapena kugwiritsa ntchito ya mtundu wa ribbon, yomwe imafewetsa mawu akuthwa. Cha m'ma 200 mpaka 300 Hz, besi ndi dzanja lamanzere la woimba piyano zimaunjikana, nyimbo n'kumveka ngati ili m'mgolo. Apa mumachotsako pang'ono mbali imodzi. Cholakwika chachikulu ndi kufinya mawu kwambiri ndi compressor, chida chochepetsa kusiyana kwa mawu otsika ndi okwera, kuti chimbale chizimveka mokweza. Mukatero kusiyana kwa mawu otsika ndi okwera kumatha, khutu limasowa popumira, ndipo pakangopita nyimbo zitatu womvera watopa. Phindu lake palibenso, poti Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, imatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kuti zifanane ndi zinzake.

Nanga zakuti nyimbo zimachiritsa? Pali zoona zake, bola tisawonjezere. Pa nthawi ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, oimba ankapita m'zipatala za asilikali ku America, ndipo madokotala anaona kuti odwala akusintha. Mu 1944 Michigan State University inayambitsa maphunziro oyamba a digiri a chithandizo chogwiritsa ntchito nyimbo. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wophatikiza zoyesa zoposa 70, za odwala pafupifupi 7,000 ochitidwa opaleshoni. Omwe anamvera nyimbo ankamva ululu wocheperako, nkhawa yawo inatsika, ndipo anafuna mankhwala opha ululu ochepa. Kafukufuku wina wa mu 2006, wotsogoleredwa ndi Luciano Bernardi, anapeza kuti kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi zinkatsika kwambiri pa mphindi ziwiri za chete zomwe ankaziika pakati pa nyimbo. N'chifukwa chake wokonza chimbale wanzeru sapanikiza nyimbo, amasiya kampata imodzi ikatha ina isanayambe.

Akatswiri a chithandizochi sayamba ndi nyimbo yodekhetsetsa kwa munthu yemwe mtima uli m'mwamba, chifukwa imamunyansa. Amayamba ndi yogwirizana ndi momwe akumvera, kenako n'kumatsika naye pang'onopang'ono. Nyimbo za pachimbale zikhoza kusanjidwa chimodzimodzi: yamoyo pang'ono poyamba, yofatsa kwambiri kumapeto. Ndipo kwa gogo amene waiwala zambiri, nyimbo ya pa unyamata wake kapena ya kutchalitchi imamufika msanga kuposa jazz yomwe sanaimvepo.

Amene ali pa mankhwala a BP kapena a matenda a maganizo asawasiye chifukwa cha nyimbo. Asamalenso makutu: bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamvere nyimbo kupitirira maola 40 pa sabata pa mlingo wa madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso), choncho mahedifoni akhale otsika mokwanira kuti wina akakuitanani muthe kumumva.