Kachipangizo koletsa kuba m'sitolo sikangakulondoleni kunyumba

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kapepala komatidwa pa katundu m'masitolo akuluakulu, kapena kapulasitiki kolimba kokolekedwa pa zovala, kali ndi batire ndi GPS, moti eni sitolo angakulondoleni mpaka kwanu. Si zoona ayi.

Mukamatula kapepalako mupeza kawaya kopyapyala ka aluminiyamu kozungulizidwa kangapo, kolumikizidwa ku capacitor, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi kochepa. Mulibe batire, mulibenso posunga dzina la munthu. Kawayako ndi capacitor anazichuna kuti ziziyankha mafunde a wailesi a 8.2 MHz okha, monga muchunira wailesi kuti igwire siteshoni imodzi. Zipilala zimene zimaima pakhomo la sitolo zimatumiza mafundewo mosalekeza. Kapepala kakadutsa pakati, kamatapako mphamvu n'kuwasokoneza, makina n'kuzindikira, belu n'kulira. Mukangotalikira mamita ochepa, kalibenso mphamvu yochitira chilichonse.

Palinso mtundu wa 58 kHz umene kampani ya Sensormatic inautchukitsa. Umenewu uli ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamanjenjemera kakalandira mafunde, ndipo zipilala zimamva kunjenjemerako.

Chimene chimandiwawa n'chakuti belu likalira, anthu amathamangira kunena kuti munthuyo ndi mbava. Kachipangizoka sikadziwa ngati mwalipira kapena ayi. Wogulitsa ndiye ayenera kuchotsa kapulasitiki kaja, kapena kudutsitsa kapepala pa makina a pakauntala amene amawononga capacitor ndi mphamvu yochuluka. Akaiwala, kapena kakapanda kuwonongeka bwinobwino, belu lilira ndithu ngakhale lisiti lili m'manja mwanu, ndipo mlonda ayenera kuyamba wapempha lisitilo mwaulemu.