Kompyuta yakale ya kunyumba: tiikonze kapena tigule ina?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Windows 7 nayo inasiyidwa kale mu Januwale 2020. Kompyuta zotere zimayakabe bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake ambiri saona vuto. Chimene chasintha n'chakuti mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo sikutsekedwanso, komanso mapulogalamu amayamba kuzithawa. Chrome ya pa Windows 7 inalekera pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023. Amene amalowa ku banki kapena kutsegula imelo pa makina otere akugona m'nyumba yopanda loko. Pali dongosolo la ESU lowonjezera masiku a Windows 10, koma ndi la kanthawi chabe.

Musanatulutse ndalama, siyanitsani matenda awiri. Kompyuta kuchedwa ndi nkhani ina, Windows kutha nthawi ndi nkhani inanso, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Yambani ndi pulosesa, ubongo wa kompyuta, poti ndiyo imagamula mlandu. Tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina lake. Mukaona i5-6300U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko, 6, ndiyo m'badwo wake. I5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, pamene i5-10210U ndi ya 10. Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kupatula mitundu yochepa chabe. Apa m'pamene anthu amapusitsika ndi kapepala komatidwa pa laputopu: i7 ya m'badwo wa 4 ndi yakale kuposa i3 ya m'badwo wa 8, ndipo ndi i3 imene ingalandire Windows 11. Windows 11 imafunanso RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) yosachepera 4GB, malo a 64GB, Secure Boot (chitetezo cha poyatsa kompyuta) ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe tpm.msc. Ikanena kuti TPM palibe musafulumire kutaya mtima, chifukwa kawirikawiri imakhala yozimitsidwa mu BIOS (tsamba la zosintha limene mumalowamo poyatsa kompyuta, Windows isanatseguke), pansi pa dzina lakuti PTT pa Intel kapena fTPM pa AMD.

Pulosesa ikakwanira, kugula kompyuta ina n'kuwononga ndalama. Chimene chimachedwetsa makina ambiri akale ndi hard disk, imene ili ndi mbale zozungulira ndi kasingano kofufuza mafayilo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, mupite pa Performance. Ngati Disk yakhazikika pa 100% pamene pulosesa ikungopuma, wolakwa mwamupeza. Ikanipo disiki yothamanga yotchedwa SSD, ya mtundu wa SATA, ya mainchesi 2.5, ya 256GB, imene imalowa malo omwewo a hard disk pa malaputopu ambiri. SSD ilinso ndi ubwino wina kwathu kuno kumene magetsi amathima mosayembekezereka: ilibe chozungulira choti n'kukandika. RAM ifike 8GB, koma onani mtundu musanagule. DDR3 silowa pa malo a DDR4 chifukwa kampata kake kali posiyana, ndipo malaputopu ena amangolandira DDR3L ya mphamvu yochepa. Ngati Windows yanu ndi ya 32-bit, RAM yopitirira 4GB singagwire ntchito mpaka mutaika ya 64-bit. Poti makina atsegulidwa kale, mmisiri apuntheko fumbi pa fani ndi kupaka thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuziziritsa pulosesa. Ngati tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo mukazimitsa, kabatire ka pa bodi, kawirikawiri CR2032, katha. Tsiku lolakwika limachititsa kuti masamba a pa intaneti azikana kutseguka.

Mmisiri asanafomate kompyuta kuti aikemo Windows 11, koperani zithunzi ndi makalata pa disiki ina, ndipo mutseguleko angapo kuti mutsimikize kuti akopeka. Fayilo ya Windows 11 imaposa 5GB, choncho konzani bandulo yokwanira ndi flashi ya 8GB, podziwa kuti zonse za pa flashiyo zifufutika. Laputopu ikhale yodzaza moto, desikitopu ikhale pa UPS, batire losunga moto magetsi akathima.

Nanga pulosesa ikakhala yakale? Amisiri ena amakakamiza Windows 11 kulowa podumpha malamulo aja. Imayaka ndithu, koma Microsoft inanena kuti makina otere siikuwalonjeza zokonza za chitetezo, ndiye vuto lija mwangolisuntha. Njira yabwinopo ndi Linux Mint, yaulere, yolowa m'malo mwa Windows, imene imayenda bwino pa 4GB ndi SSD. Imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo mungaiyese kuchokera pa flashi musanaiike. Yesani Wi-Fi, mawu ndi pulinta. Kwa mwana wa sukulu ndi wolemba makalata imakwanira, koma amene ntchito yake imadalira pulogalamu ya Windows yokha, monga ya maakaunti, agule makina ena basi.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zambiri zobwera kuchokera kunja, musakhulupirire zapakamwa. Werengani nokha m'badwo wa pulosesa. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe pasiwedi, chifukwa makina ochokera m'makampani nthawi zina amabwera okhomedwa. Mu Command Prompt lembani powercfg /batteryreport, mutsegule fayilo ya lipoti la batire imene yapangidwa, muyerekeze Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. Yakale ija musaigulitse ndi hard disk yake, poti mafayilo ofufutidwa wamba amatheka kubwezedwa. Ichotseni, muiike m'kabokosi ka USB, muziisungiramo zinthu.