Dambo si malo ongokhala

Pa ntchito yanga yokonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti: "Mundawu anandisiyira ndi makolo anga. Boma likundiletsa bwanji kuudula mapuloti?" Wofunsayo nthawi zambiri amakhala ndi fizi ya ana kapena matenda pakhomo, choncho sindimuweruza. Ndimangomupempha kuti tiyambire nkhaniyi pampopi.

Madzi amene anthu a mumzinda wa Lilongwe amamwa ndi a mumtsinje wa Lilongwe, womwe gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama. Amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde asanafike m'mipopi. Nkhalangoyi ili kunja kwa malire a mzinda, ndipo imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Kuotcha makala kutafika ponyanya, mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali. Makalawo amathera m'mbaula za mumzinda womwewo umene ukudalira madziwo. Nchifukwa chake pulani ya mzinda wokha siikwanira: pamafunika pulani yoona dera lonse pamodzi, yonena kuti apa pamangidwe nyumba, apa pakhale minda, apa pasakhudzidwe.

Kale malamulo a mapulani ankagwira ntchito m'matauni ndi m'madera ochepa osankhidwa. Lamulo la mu 2016 la Physical Planning Act linasintha zimenezi, moti tsopano dziko lonse, midzi yomwe, liyenera kukhala ndi mapulani. Papepala zili bwino. Koma anthu akuchulukana mofulumira, kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali 17.5 miliyoni, ndipo njerwa zikufika m'minda pulani isanafike.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi madambo. Munthu akaona dambo m'mwezi wa Okutobala, udzu utauma, amati ndi malo ongokhala. Sadziwa kuti dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Zitsime za m'mudzi zimadalira pamenepo. Madimba a tomato ndi mpiru amene amadyetsa misika ya m'tauni ali pamenepo, ng'ombe nazo zimapeza msipu pomwepo kwina konse kutauma. Ndinaimapo pa dambo lina kunja kwa mzinda pomwe wina anathira dothi la katondo n'kumangapo nyumba yamalata yooneka bwino. Pofika Febuluwale khoma linali litanyowa mpaka m'mawondo, chimbudzi chitasefukira, ndipo madzi amene kale ankakhazikika padambopo anali atalowera m'makomo a anthu a kumunsi, omwe sanagulitse kanthu kapena kulandira ndalama ya wina aliyense.

Zamapiri sindinena zambiri. Aliyense akukumbukira matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Sindikunena kuti mzinda usakule. Ukule, koma pamtunda pouma, nyumba zithithikane pafupi ndi misewu ndi mapaipi a madzi, m'malo momwazikana m'minda ya chimanga. Mafumu ndi makomiti oona za malo a m'midzi ayenera kukhalapo pojambula mapuwo, chifukwa ndiwo akudziwa pamene pali manda, msipu ndi njira ya madzi. Ndipo inu amene mukufuna kugula puloti kunja kwa tauni, kafunseni kaye ku khonsolo ngati malowo analolezedwa kumangapo, kenako mukawaone mvula ili mkati.