Nyali ya check engine ikayaka chifukwa cha nthunzi ya petulo

Makina oyezera galimoto akatulutsa nambala ya vuto monga P0442, P0455 kapena P0456, eni ake ambiri amagwada n'kusuzumira kunsi kufuna kuona pamene petulo akudonthera. Nthawi zambiri sapeza kanthu, chifukwa chikuthawacho ndi nthunzi, osati mafuta enieniwo.

Petulo akatenthedwa m'thanki amatulutsa nthunzi. Nthunziyo imadutsa m'timapayipi n'kukasungidwa m'kabokosi kodzaza makala, kamene amakanikafe timati canister. Injini ikatentha, valavu ya purge, yomwe imalowetsa nthunzi mu injini, imatseguka ndipo nthunziyo imakapsa limodzi ndi mafuta. Nthawi zina kompyuta ya galimoto imatseka njira zonsezi kuti ione ngati mpweya ukutuluka penapake, ndipo ikapeza bowo imayatsa nyali ya check engine n'kusunga nambala. P0455 ndiye kuti bowo ndi lalikulu, P0442 ndi kabowo ka pafupifupi milimita 1, pomwe P0456 ndi theka la kameneko. Manambala atatuwa amakonda kutuluka pa galimoto zopangidwira msika wa ku America. Galimoto zina zimatulutsa P0441 kapena P0443, zoloza ku valavu ija ndi mawaya ake.

Yambani ndi chivindikiro cha thanki musanagule chilichonse. Onani labala yake: ngati yauma, yang'aluka kapena yadzaza fumbi, vuto lingakhale lomwelo. Pukutani pakamwa pa thanki, tsekani mpaka chivindikiro chilire kuti te te te. Chikatha, gulani cha galimoto yomweyo, osati chilichonse chimene changokwanapo. Za kutseka ndi chisanza kapena jumbo ndiye tisanene n'komwe.

Chivindikiro chikakhala bwino, timatsata mapayipi. Galimoto zoyenda m'misewu yafumbi ya ku Tsangano zimagunda pansi pafupipafupi, ndiye payipi imazuka kapena canister imasweka. Zogona pafupi ndi nkhokwe nazo, makoswe amazitafuna labala.

Koma chimene chikuwononga galimoto zambiri kuno ku Ntcheu ndi kamwetsedwe kathu. Munthu wafola tsiku lonse, mpope wadula, iye akuti "onjezerani achimwene", anyamata akugwedeza galimoto kuti mulowe lita ina. Petulo wosefukirayo amatsikira m'canister n'kunyowetsa makala, omwe anapangidwira nthunzi yokha. Makalawo amatha kunyenyeka, tizidutswa n'kukatsamwitsa valavu ya purge, osatsekanso. Mudzaona galimoto ikuvuta kulira mukangochoka kumwetsa mafuta. Canisteryo ndi yodula kuposa lita imene munakakamizayo. Mpope ukadula, zathera pomwepo.

Valavuyi siyovuta kuyesa. Ikachotsedwa siyenera kudutsa mpweya, ndiye ngati ukudutsa, yatha. Kabowo kosaoneka ndi maso timakasaka ndi makina opopera utsi m'mapayipi, utsiwo umatulukira pomwe pabooka. Musalole wina apope ndi kompuresa ya matayala, mphamvu yake ingawononge thanki.

Alipo amakanika amene amangofufuta nambala n'kulandira ndalama. Nyali imazimadi, koma pakapita masiku imayakanso, chifukwa kompyuta imayeza pokhapokha mafuta akakhala pakati, thanki isali yodzaza kapena youma. Vuto likakonzedwadi, nyaliyo imatha kuzima yokha mukayenda maulendo angapo.

Ndi manambala awa mutha kuyenda mpaka kugalaja osadandaula. Koma mukamva fungo lamphamvu la petulo n'kuonanso ponyowa kunsi, zimitsani injini pomwepo, tsitsani anthu, ndipo pasapezeke wosuta fodya kapena mbaula pafupi.